Chaka chimene tinasesa mtsinje

Anthu amati ndimanama, koma ine mtsinje ndinausesapo ndi tsache. Nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi, ine ndili mkamwini watsopano cha ku Thuchila. Kunamveka kuti pa mlatho wa kamtsinje kathu padutsa mlendo wamkulu. Ndiye tcheyamani wa dera lathu, bambo amene akatsokomola ngakhale mbuzi zinkaimirira, analamula kuti kamtsinjeko kayere ngati msewu. Tinazula bango, tinavuula zipika, miyala n'kuipaka laimu. Mlendoyo anadutsa atatseka magalasi.

Mvula itagwa, ana a matemba anasowa pobisala. Akakowa anawadya mpaka kunenepa. Wina ndinamuona ndi maso angawa atalephera kuuluka, akupita kwawo wapansi.

Apongozi anga aakazi, amene ankatchera mono, anatuma mkazi wanga, poti ine ndi iwo sitinkayang'anana. "Akuti mubwezere zipika ndi bango kudimba kwawo."

"Iwe, anthu akumatengedwa kupita ku Boma osabwerako pa nkhani zochepa kuposa chipika."

"Ndiye ndikawauze kuti mwakana?"

Ndinabwezera.

Bango linaphuka, madzi pamenepo anazama n'kudekha, ndipo ana a nsomba anadzazana moti potunga madzi unkayamba wawapepesa. Iwo akunenepa, ine ndinkaonda. Galimoto ikangolira kumsewu ndinkatsanzikana ndi mkazi wanga, n'kumuuza woti adzatenge njinga yanga.

Tsiku lina masana tcheyamani anatulukira kudimbako ndi anyamata ake, zibonga zili m'manja. "Wadetsa mtsinje wa boma ndani?"

Apongozi, nkhope atalozetsa kumbali mwaulemu, anati, "Ndi akamwini angawa, bwana. Ine ndinawaletsatu."

Ndinaona mnyamata wina akumasula chingwe. Tcheyamani anagwada n'kusuzumira m'madzimo nthawi yaitali. Kwawonso chaka chimenecho ndiwo zinali chigwada chokhachokha, mudzi wonse unkadziwa. Atadzuka anapukuta mawondo.

"Chitukuko chimenechi ndinachiganiza ndine. Nanga iwe wachiikiranji padimba limodzi? Ukubisira anthu?"

"Ndalakwa, bwana."

Chilango changa chinali kubwezera zipika zonse zimene mudzi wathunthu unavuula, ndekha, mpaka kumlatho. Sindinasenzepo katundu mokondwa chotero. Matemba anabwerera, apongozi anaonjezera miono, ndipo phewa langa lamanzere ndi lotsika mpaka lero. Wokayika akafunse telala wanga ku Chitakale.