Timabotolo topanda mayina

Dzina loti Nafiriji anawapatsa ndi mlongo wawo. "Ena amakwatiwa ndi anthu," ankatero pa maukwati a pachibale, "koma achemwali angawa anakwatiwa ndi firiji. Alamu athuwo sayankhula, amangong'ung'udza." Anthu ankaseka, iwonso n'kuseka nawo, kenaka n'kutsanzika msanga poopa kuti magetsi azima ku ntchito.

Anali dokotala wa ana. Atabwerako kunja kumene anakaphunzira, anagwira m'wodi zaka zochepa, kenaka anasamukira ku labotale, kachipinda kakumapeto kwa khonde, kuseri kochapira zovala. Chinawasamutsa ndi funso limodzi: bwanji ana awiri obwera thupi likutentha mofanana, wina amadzuka n'kumalirira mpira, mnzake osaliona dzuwa? Yankho ankalifuna m'magazi. Makolo akalola, mwana wogonekedwa ankamutenga timagazi pang'ono, n'kuthira m'kabotolo kosaposa chala. Pakabotolopo sankalembapo dzina, ankamatapo nambala, ndipo kafukufuku akatha chilichonse cholumikiza dzina ndi nambala ankachiwotcha. Lamulo limeneli analiumirira ndi iwo eni, kuti wina asadzaloze chala mwana wa mnzake chifukwa cha zopezeka m'magazi ake.

Anzawo a ntchito anali ambiri, koma a pa kompyuta, nkhope m'timabokosi. Panali pulofesa wa ndevu zoyera amene ankadya cham'mawa pomwe kuno dzuwa likupendeka, ndi mtsikana wa masamu amene mphaka wake ankakonda kudutsa pa kamera. Pa zolemba zawo mayina ankadzaza mizere itatu. Ndi anthu amenewa anapanga kachipangizo koyeza dontho limodzi la magazi, kosonyeza mwana woyenera kuthamanga naye. Anamwino atsopano ankakagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti mayi wodutsa pakhonde ndi kapu ya tiyi wozizira ali ndi dzanja pamenepo. Msonkhano ukatha nkhope zija zinkazima imodziimodzi, n'kutsala iwo ndi alamu aja.

Nthawi yoti apume pa ntchito itayandikira, anagwirizana kuti timabotolo tonse tipite kwa pulofesayo. Kuno kunalibe wotisamala.

Tsiku loti mawa lake galimoto yodzatenga timabotoloto ibwera, namwino wamkulu anasuzumira pakhomo.

"A Dokotala, kuli mayi panjapa, telala wa pafupi ndi depoti. Wamva kwa mlamu wake wochapa zovala kuti magazi a ana akupita kunja. Mwana wa telalayo anamwalirira m'wodi mwathumu kalekale. Akuti aone kabotolo kake."

"Mwamuuza kuti palibe mayina?"

"Ndamuuza, koma ngati ndikuyankhula ndi khoma. Inu tengani kalikonse mumuonetse, magazi ndi magazi. Apite mtima uli m'malo. Adziwa bwanji?"

Telalayo analowa tepi yoyezera ili m'khosi, timaulusi tili mbwee pa siketi. Anakhala m'mphepete mwenimweni mwa mpando.

"Pepani amayi, ndakusokonezani. Sindikufuna kutenga ayi, ndingoona. Zithunzi zake zinaonongeka nyumba itadontha. Malaya ndinapatsa ana a achemwali. Chake chotsala ndi chimene mukusunga inuchi."

"Anali wamkulu bwanji?"

"Anali asanayambe sukulu. Wamakani ngati bambo ake. Tsiku lomutenga magaziwo analuma namwino pamkono."

A Dokotala anavala magolovesi okhuthala n'kutsegula firiji. Nthunzi yozizira inatsikira kumapazi. Anasolola kabokosi kamodzi: tizivindikiro toyera tili ndandanda, tofanana ngati mano a chipeso. Chala chawo chinaima pamwamba pa kamodzi. Zaka zonsezi palibe kholo limene linayendapo khonde lija mpaka kumapeto. Uyu anali woyamba, mwinanso womaliza, ndipo iwo anafunitsitsa kuti atuluke akuwathokoza. Kunali kungonyamula kabotolo basi. Koma chiyambire ntchito anali asananenepo kuti aona chimene sanachione.

Anabweza kabokosiko.

"Mayi, mwana wanu ali muno. Koma zoti ndi aka kapena ako, sindingadziwe. Mayina ndinachotsa ndine, ndi manja angawa. Nditakulozerani kamodzi ndiye kuti ndakunamizani."

Telalayo anawayang'ana m'maso.

"Ndiye kuti munamutaya."

"Dzina lokha."

"Dzinalo ndiye mwanayo, amayi."

Firiji inayamba kulira poti chitseko chinakhalitsa chotsegula, ndipo a Dokotala anachitseka.

"Kuli kachipangizo ku wodi," anayamba motero, "kamene magazi amenewa..."

"Ndikukadziwa. Mdzukulu wanga anamubaya nako pachala chaka chatha."

"Anachira?"

"Akuswa makapu kunyumbaku."

Sanathokoze. Anadzuka n'kuika chikhatho pa chitseko cha firiji, monga momwe munthu amagwirira pamphumi pa mwana pofuna kumva kutentha.

"Onsewa akupita limodzi?"

"Onse, galimoto imodzi."

"Bola. Wanga uja sankafuna kugona yekha."

Atafika pakhomo anatembenuka, maso ali pa chikhothi choyera cha a Dokotala. "Batani lanulo likugwa. Mudzabweretse. Mukafika pa depoti mungofunsa telala wamkazi." Ananena mosaseka, ngati mmene akanauzira wina aliyense, n'kumapita.

Namwino wamkulu anapukusa mutu. "Inunso a Dokotala, kabodza kamodzi kakanakudulani mwendo?"

M'mawa mwake anthu a galimoto anasamutsira timabokosi tonse m'mabokosi awo ozizira. Pulofesa anaonekera pa kompyuta, anayamikira kuti zonse zayenda bwino, n'kuzima. A Dokotala anazula chingwe cha firiji pakhoma. Apo m'pamene anamva kuti kachipindako kali ndi mawu ena: mpope wodontha, mawilo a machira pakhonde, mwana akulira kutali ku wodi.

Foni inalira. Anali mlongo wawo.

"Nafiriji, alamu adzuka bwanji?"

"Apita."

Mlongoyo anayamba kuseka, koma atamva kuti mbali inayo kuli zii analekeza panjira. "Mubwere kuno Loweruka, achemwali. Ana akukufunsani."

"Ndiona."

Anatsuka kapu yawo n'kuivundikira pa sinki, ngakhale panalibe wodzamweranso. Anavula chikhothi, batani lili lendelende pa ulusi umodzi. Singano ndi ulusi anali nazo m'dirowa, ndipo mabala a ana anasokapo osawerengeka. Anachipinda bwinobwino, batani m'kati kuti lisagwe panjira, n'kuchiika m'chikwama. Pa geti anafunsa mlonda njira yachidule yopita ku depoti.