Gitala ya ku Halale

Agogo anga aamuna, a Jailosi, ndikawakumbukira chimene chimayamba kundifikira ndi fungo la fodya wouma m'chigafa, losakanikirana ndi fumbi la mwezi wa Meyi, kenako kulira kwa gitala yawo yakale. Ankaimba masana, dzuwa litapendeka, akaweruka kusankha fodya. Ankakhala pa kampando ka chikopa cha mbuzi pakhomo pa chigafacho, kumudzi kwathu kufupi ndi Nsaru, nkhuku zikupalasa pafupi ndi mapazi awo, ife adzukulu tikusenda mtedza pamphasa.

Gitalayo anabwera nayo kuchokera ku Halale, kumene anakhala zaka khumi ndi chimodzi akugwira ntchito pa famu. Anaigula kwa mnzawo ili yakale kale. Pamene ine ndinkaidziwa, vanishi yense anali atasupuka, thabwa lake litada ndi thukuta ndi utsi. Kumbuyo inali ndi mng'alu wautali ngati chikhato, umene agogo ankaumata ndi phula. Nsambo ziwiri zinali za waya wa buleki ya njinga, ndipo chokungira chimodzi chitathyoka anaikapo msomali wopinda. Koma ikalira, munthu unkasiya zimene ukuchita. Mawu ake anali otsika, okhuthala, ngati a munthu amene wangodzuka kumene, ndipo nsambo yaikulu inali ndi kanjenjemera kake, ngati m'katimo mwalowa bemberezi. Kamodzi ndinawafunsa ngati kanjenjemerako sikanali kuwonongeka. Anaseka nati, "Gitala ikakalamba imasiya kukuwa, imayamba kulankhula."

Panali munthu mmodzi yekha amene sankafuna kuimva: agogo aakazi, aNaphiri. Maso awo anali atachita ng'ala, koma makutu ankamva ngakhale mbewa ikamayenda m'nkhokwe. Nsambo yoyamba ikangolira, ankayankha ali kuseri kwa nyumba.

"Yayambika ija! Amuna a anzanga anabwera ndi njinga, ena malata. Anga anabwera ndi chibokosi cholira."

"Pepani aNaphiri," ankatero agogo aamuna, n'kutsitsa mawu a gitala pang'ono, koma osasiya.

Tinakula tikumva zimenezi tsiku ndi tsiku, moti tinkaziwerengera ngati mbali ya nyimbo.

Chaka chimene ndinali mu Sitandade 5, amalume a Fanuwelo, amene ankagwira ntchito m'tauni ku Lilongwe, anabwera ndi mphatso. Inali gitala yatsopano, yofiirira, yonyezimira moti tinkadziyang'anirapo nkhope. Anaipereka atagwada, ndipo aliyense anaona kuti anaigula ndi mtima wonse.

"Bambo, mwavutika mokwanira ndi chiphakasa chija. Anthu azinena kuti mulibe ana? Chakalecho ndikampatse Gedioni, mnzanga wokonza njinga pa Nsaru. Wakhala akufuna chophunzirira."

Agogo anayang'ana gitala yatsopanoyo, kenako yakaleyo. Anali munthu wosadziwa kukana, makamaka pamaso pa mwana wawo amene wabwera ndi chimwemwe chotere. Anangoti, "Zikomo mwana wanga, wachita bwino." M'mawa mwake amalume anaimangirira yakaleyo pa kaliyala wa njinga, n'kupita nayo.

Yatsopanoyo agogo anaiimba masiku awiri. Inkalira bwino ndithu, mawu akuthwa, omveka mpaka kuchitsime. Tsiku lachitatu anaibwezera m'katoni mwake n'kuikankhira kunsi kwa bedi. Akaweruka kusankha fodya ankakhalabe pa kampando kaja, manja ali pamaondo, akuyang'ana kumunda kumene kunalibe chilichonse koma mapesi. Chakudya ankangotsina pang'ono. Amayi atawafunsa ngati akudwala, anati ayi, n'kutopa chabe. Panatha milungu itatu pakhomo pali zii, ndipo aNaphiri analibenso wom'kalipira.

Tsiku lina la msika, m'mawa, aNaphiri anandiitana kuchipinda.

"Esinala, tulutsa chimene chili kunsi kwa bediko. Usenze. Tikupita pa Nsaru."

"Agogo aamuna akudziwa?"

"Ndakufunsa zimenezo, eti?"

Tinayenda wapansi, ine katoni ili pamutu, iwo atagwira phewa langa. Unali ulendo wa maola awiri kwa munthu wa msinkhu wawo, ndipo tinapuma kawiri pansi pa mitengo ya mango. Pa Nsaru panali phokoso la tsiku la msika: ma minibasi akuitanira a m'tauni, ngolo zodzaza matumba a mtedza, wailesi za m'magolosale. Ine sindinkadziwa pamene Gedioni ankakonzera njinga, ndipo ndinali pafupi kufunsa munthu pamene aNaphiri anandifinya phewa.

"Taima. Wamva?"

Sindinamve kanthu.

"Uko, kumanzereku. Akuizunza."

Tinakhotera kuseri kwa mashopu, ndipo pansi pa kachisakasa tinapeza bambo wamafuta m'manja, atakhala pa tayala, akukwapula nsambo za gitala ya agogo. Ngakhale m'manja mwa munthu wosaidziwa, kanjenjemera kaja kanalipo.

Gedioni anaimirira mwaulemu n'kuwapatsa aNaphiri benchi. Atalonjerana, iwo sanazungulire.

"Mwana wanga, Fanuwelo anakupatsa chinthu chimene sichinali chake. Sanalakwe dala. Ndabwera kudzachitenga, koma sindikusiya chimanjamanja. Esinala, tsegula."

Gedioni ataona gitala yonyezimirayo anabwerera m'mbuyo. "Amayi, izi sizingafanane. Iyi ndi yodula kwambiri. Yakaleyi ndi yong'aluka, mwina simukuiona bwino."

"Sindikuiona n'komwe," anatero aNaphiri. "Patse."

Katoni inatsala ndi gitala yatsopano, choncho tinalibe ponyamulira. ANaphiri anamasula chitenje chawo chapamwamba, n'kuiika gitala kumsana, n'kuibereka ngati mwana, khosi lake litatulukira pamwamba pa phewa. Amayi ogulitsa tomato anaseka mpaka kugwirana, koma iwo anangoti, "Tiye."

Titapuma pa mango oyamba, ndinalimba mtima.

"Agogo, si inu mumadana nayo gitala imeneyi?"

"Ndimadana nayo, inde." Anapukuta thukuta. "Agogo ako anapita amayi ako akukwawa, anabwera atayamba kusinja. Zaka zonsezo pakhomo panga panali zii. Atabwera, alongo anga ankafuna kuwapirikitsa, amvekere mkamwini wanji wobwera ndi nyimbo. Ine ndinati asiyeni. Kuyambira pamenepo, ndikamva chinthu chimenechi chikulira ndimadziwa kuti munthuyo alipo, sanapitenso. Milungu itatu iyi, mwana iwe, ndimangoona ngati abwerera ku Halale."

Tinafika dzuwa litapendeka. Agogo aamuna anali pa kampando kawo. Ataona chimene chinali kumsana kwa akazi awo anaimirira. ANaphiri anamasula chitenje n'kuwapatsira gitalayo.

"Kwayani chibokosi chanu. Chandithyola msana."

Agogo anaitembenuza, nayendetsa chala pa mng'alu uja, nayamba kukunga nsambo imodziimodzi, pang'onopang'ono, khutu atalitsamiritsa pathabwa. Nyimbo itayamba, aNaphiri sanapite kuseri kwa nyumba monga ankachitira. Anakhala pamphasa pathu n'kuyamba kusenda mtedza.

Amalume atamva anakhumudwa, ndipo anatha miyezi iwiri osabwera. Agogo aamuna anachita kukwera minibasi, ulendo umene sankaukonda, kukawapepesa okha. Atabweranso kumudzi, amalume anatulutsa m'thumba kapaketi ka nsambo zatsopano zisanu ndi imodzi. Agogo anaikapo zinayi, zija za buleki anazisiya.

ANaphiri ndi amene anatsogola. Agogo aamuna anakhalako zaka zina zitatu, ndipo asanamwalire anauza amayi kuti gitala idzakhale ya Esinala, poti ndiye anaiperekeza.

Lero ndine mphunzitsi ku Nambuma, ndipo gitalayo ili m'nyumba mwanga. Ndinayamba kuphunzira kuimba ndili wamkulu kale, popanda wondionetsa. Nditaigwira koyamba mofatsa ndinapeza kuti pakhosi pake, pansi pa nsambo, pali timaenje tosalala timene zala za agogo zinakumba pa zaka zonse zija. Ndikasochera pa nyimbo, ndimangotsetsereza dzanja mpaka zala zanga zigwere m'timaenjemo, ndipo nthawi zambiri pamakhala pomwepo pamene ndimafuna.