Ulemu wa pachikamwini unakwirira mlamu wanga

Ndine injiniya wa za migodi, koma mlamu wanga anafera m'dzenje lomwe ine ndinaliona ndi maso angawa n'kudziwa kuti ligumuka. Inu owerenga, ndikulemba izi mtima ukundiwawa, ndipo munthu amene ndamukwiyira kwambiri ndi ine ndemwe.

Nditamaliza sukulu ndinagwira ntchito pa mgodi wina kumpoto mpaka unatsekedwa. Ndinawolokera ku Tete kumigodi ya malasha, nakonso ntchito inatha. Makampani omwe ndinkafunsirako ankangoti tidzakuimbirani. Mapeto ake ndinakakhala kwawo kwa mkazi wanga kufupi ndi Ngabu, injiniya wathunthu kumathirira tomato kudimba la apongozi.

Apongozi aamunawo anali ndi dzenje kuphiri komwe ankakumba miyala ya buluu ija amadzagula anthu a ku Blantyre. Wotsogolera okumbawo anali Zuze, mchimwene wa mkazi wanga, bambo wa ana atatu. Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Zuze ananditenga kuti ndikaone ntchito yawo.

Ndinasuzumira m'dzenjemo. Anali atakumba chotsika, kenako n'kukhotera cham'mbali kulondola miyala, popanda ngakhale mzati umodzi wochirikiza denga. Dothi lofukulidwa ankaliunjika pamwamba pa mphangayo, ndipo makande a pamenepo anali atang'ambika ming'alu yoti dzanja n'kulowa. Zimenezi ndi zomwe ndinaphunzira: mvula yoyamba ikalowa m'ming'alu yotere, dothi limalemera n'kutsika lonse nthawi imodzi.

Ndinamuuza Zuze pomwepo kuti akudzikumbira manda. Koma inu mukudziwa za pachilamu. Ine ndi iye tinkakhalira kunyogodolana, iye kumanditcha injiniya wa tomato. Anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Alamu, mantha amenewa ndi omwe anakuchotsetsani ntchito ku Tete eti?"

Nanenso, mwa uchitsiru wanga, ndinaseka nawo.

Woti akanaimitsa ntchitoyo anali mwini dzenje. Koma kuchokera pomwe ndinakwatira, ine ndi apongozi sitinkalankhulana maso ndi maso kupitirira moni. Ankadutsa uko, ine uku. Komanso ndinkadya zawo, ndipo mawu oti mkamwini asamakule mwendo ankandilira m'makutu. Choncho ndinachita zomwe mkamwini waulemu amachita: ndinatuma mkazi wanga.

Ndinamuuza momveka kuti dzenjelo ligumuka mvula ikangogwa, anthu atulukemo mpaka aikemo mizati. Iye, poopa kuoneka ngati akulamula makolo, anakauza mayi ake kuti bambo a kunyumba akuti dzenje lija likufunika kusamala. Mayiwo anakauza amuna awo kuti akamwini ayendera ntchito ija, akuti muzisamala. Pofika kwa okumba, uthenga unali woti injiniya waliona dzenje ndipo zonse zili bwino. Ena omwe ankachita mantha analimba mtima chifukwa cha dzina langa.

Ndinkaona Zuze akulawira m'mawa uliwonse ndi piki paphewa. Ndinadziwa kuti mawu anga sanafike, koma ndinkangoti ndipeza mpata wabwino. Mpata wabwino wake uti? Apongozi ankakhala pansi pa mtengo wa masawu tsiku lonse, ine n'kumawalambalala ngati ndawabera mbuzi.

Mvula inagwa Lachitatu masana, yosachuluka n'komwe. M'mawa mwake anthu atalowa m'dzenje, denga linagumuka. Okumba awiri anali chakukhomo ndipo anathawa, koma Zuze anali mkati mwenimweni. Tinafukula ndi makasu ndi manja, ine ndemwe ndikulozera poyenera kukumba, nzeru zanga zikugwira ntchito nthawi itatha kale. Tinamutulutsa atazizira.

Titachoka kumanda, apongozi aamuna anandiitana. Kanali koyamba kundiyang'ana m'maso.

"Akamwini, akuti inu munkadziwa. Ndi zoona?"

Ndinavomera.

"Nanga munalekeranji kubwera kudzanditukwana? Ndikanakwiya, koma mwana wanga akanakhala ali pano."

Mkazi wanga amadziimba mlandu, apongozi aakazi nawonso, koma onsewo sankadziwa kuti dothi limatani likanyowa. Wodziwa ndinali ine.

Inu owerenga, makamaka amene munaphunzira ntchito zosunga miyoyo ya anthu, ulemu ndi wabwino ndipo sindikuti muutaye. Koma mukaona choopsa musatume munthu, musachinene mwanthabwala, musadikire mpata. Pitani nokha, gwadani ngati n'kofunika, koma nenani mawu ake enieniwo. Ine ndinaopa kutchedwa mkamwini wamwano. Lero pamudzi pano onse amanditama kuti ndine waulemu, ndipo m'mawa uliwonse ana a Zuze amadzandipatsa moni.