Wonola Zikwanje wa ku Mbenje

Chaka changa chomaliza pa esiteti ya nzimbe anatitengera ku maphunziro a akapitawo. Mtsikana wophunzitsa anajambula pabolodi mmene kayendetsedwe ka ntchito kasinthira: kale mabwana ankangokalipa, kenaka anayamba kuyeza wantchito ndi wotchi, pambuyo pake anatulukira kuti wantchito nayenso ndi munthu womufunsa maganizo. Anzanga ankalemba mwakhama. Ine ndinangopinda manja, poti mabwana a mitundu itatu yonseyo ndinawagwirira ntchito, ndipo wa wotchiyo anatsala pang'ono kundichotsetsa munthu amene ndinkamukonda.

M'gulu langa la odula nzimbe munali bambo wina wachikulire wa ku Mbenje, yemwe kale anali msodzi. Pakudula sanali wachangu, zimenezo sindingamunamire. Koma tupa inkamumvera. Anzake ankamusiyira zikwanje zawo m'mbali mwa ngalande, iye n'kumanola chimodzichimodzi, iwo n'kumamudulirako mzere wake. Palibe anakhazikitsa lamuloli, ndinalipeza choncho.

Bwana wa wotchi atabwera, anaima m'munda masiku atatu, phulusa la nzimbe zowotcha likumudetsa malaya. Tsiku lachitatu anandiitana.

"Kapitawo, mkulu uyo amakhala pansi theka la tsiku. Mwezi ukatha apite."

Ndinachita mantha, ndivomere. M'malo mofotokoza ndinangoti chabwino bwana, n'kupita kwa bambo aja.

"Baba, tupayo isiyeni kaye. Dulani ngati anzanu, mwina angakusiyeni."

"Pyadidi, mwananga," anavomera m'Chisena, akuika tupa m'thumba. Kunyumba anali ndi zidzukulu zinayi zowadalira, ndipo sanandikumbutse.

Sabata imeneyo inali yowawa. Aliyense ankadzinolera mothamanga, zikwanje zikungotafuna nzimbe, matuza ali thoo m'manja. Dzuwa la kuchigwa kuno mukulidziwa. Gulu limene linkaweruka loyamba linayamba kuweruka mathirakitala atapita kale. Loweruka bwana anafika nkhope ili gwa, kufunsa chavuta n'chiyani.

Apo mtima unandikwera. Ndinatola chikwanje cha munthu wapafupi n'kumupatsa. "Tadulani phata limodzi, bwana." Anatema kanayi, nzimbe ili chiimire. Ndinaitana baba aja, anachinola osathamanga, bwana akuponya maso pa wotchi. Atatemanso, nzimbe inagwa kamodzi, mpaka iye anadzandira. Anthu anabisa kuseka m'zipewa.

Sanapepese, mabwana a nthawi imeneyo sankadziwa mawu amenewo. Anangoti mkuluyo azikhala pamthunzi wa msangu, kunola ikhale ntchito yake. Anagwira mpaka anapuma yekha, zidzukulu zitakula.

Ndiye mtsikana uja atafunsa ngati wina ali ndi chitsanzo, ndinasimba nkhaniyi. Anasangalala, akuti zimenezi zili ndi dzina lake m'mabuku. Dzinalo ndinaliiwala ndisanafike pa depoti ya basi, ndipo sindidandaula. Chimene chimandisangalatsa mpaka lero ndi chimene ndinaona Lolemba lotsatira Loweruka lija: bwana wa wotchi uja anatsika m'galimoto ndi mipeni iwiri ya akazi ake yokulunga m'nyuzipepala, n'kuima pamzere pansi pa msangu, kumbuyo kwa odula nzimbe. Anadikira nthawi yake, ndipo wotchi sanaiyang'ane.