Kabokosi ka pansi pa pikapu ya adada

Monire mose.

Lero ndinapita ndi pikapu ya malemu adada kwa a Gondwe, makaniko wa ku Chibavi, kuti aikweze pang'ono mvula isanayambe. Msewu wa kwa agogo mukuudziwa. Tinagwirizana zotchipa: kuwonjezera masipuling'i kumbuyo, matayala akaunjika a mano akuluakulu, ndi chitsulo chotchinga pansi pa injini.

Atalowa kunsi kwa galimoto anandiitana. "Iwe, adada ako anali ndani? Bwera uone."

Pali kabokosi kachitsulo kowotcherera, kosaoneka munthu ukaima panja. Mulibe kanthu, koma pa kachitseko kake wina anajambulapo nyali ndi msomali.

A Gondwe anaseka. "Nyali ija, chizindikiro cha matipate! Nthawi ya referendamu madalaivala ena ankabisa mapepala otsutsa boma m'malo otere. Anali olimba mtima chomene."

Ine adada sindinawaonepo ali moyo, ndipo agogo sanandiuzepo zimenezi. Ndinakhalitsa pansi pamenepo mpaka malaya kuda.

A Gondwe akuti akadule kabokosiko mawa, chitsulo chake chikwana kutchingira injini kwaulere. Ndawauza adikire kaye.

Amalume, inu munkayenda nawo. Ankaikamo chiyani? Tikadule, kapena ndikagule chitsulo china?