Zala za a Pulofesa m'Chitini cha Maere

Moyang'anana ndi geti la koleji, tsidya lina la msewu, panali mdadada wa timashopu khumi tofolera ndi malata adzimbiri. Kachitatu kuchokera pampopi kanali ka bambo wina womata mabuku, amene aliyense pamdadadapo ankawatchula kuti a Pulofesa. Dzinali linayamba ngati chipongwe, koma linachita ngati nsapato yatsopano: poyamba linaluma, kenako linakwana.

Sukulu anailekezera folomu 2, chaka chimene bambo awo anamwalira n'kuwasiyira azing'ono awo anayi. Ntchito anaiphunzira kwa malume awo, amene anali ndi lamulo limodzi lokha: usamate buku usanaone ngati masamba ake akutsatana bwino, chifukwa guluu samva kupepesa. Malumewo ankangoyang'ana manambala a m'munsi mwa tsamba. Koma maso a wophunzira wawoyo ankathawa panambala n'kukwera m'mwamba, kumene kunali mawu. Zaka makumi atatu zinadutsa chomwecho.

Ophunzira a pakolejipo ankabweretsa kafukufuku wawo kuti aikidwe chikuto cholimba. A Pulofesa ankawerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedera, pambali pali dikishonale yothothoka imene sanapezepo nthawi yoimata. Vuto linali loti buku lililonse linkagona m'shopumo masiku awiri okha. Sabata ino ankawerenga kuti msika uli ndi dzanja losaoneka limene limakonza mitengo lokha, sabata yamawa wina ankalemba kuti dzanjalo lili ndi mwini wake. Wina ankati boma lizingopatsa nzika iliyonse kangachepe mwezi ndi mwezi popanda kufunsa mafunso. Wina ankati demokalase si tsiku loponya voti ayi, koma zokambirana zimene zimachitika tsikulo lisanafike. Mabukuwo ankapita ndi eni ake, koma nkhanizo zinkatsala, zikuwayabwa ngati chitedze. Ankaimirira, n'kukhala, n'kuimiriranso, kufunafuna woti amufotokozere.

Akazi awo ankasoka zovala pakhomo la shopu yomweyo. Akamva kuti mpando wayamba kulira, sankatembenuka n'komwe.

"Abambo, guluu akuuma uko."

Chaka chimenecho mwini malo anagwetsa mdadada wonse n'kumanga nyumba yosanja. Pomanga, anthu khumi aja anasamukira m'zisakasa m'mbali mwa mpanda. Nyumba itatha, zipinda zinalipo khumi ndithu, koma zisanu zinali pansi, zoyang'ana kumsewu, ndipo zisanu zinali m'mwamba, makomo ake kuseri, kofika podutsa kanjira kopanikiza n'kukwera masitepe.

"Gawanani nokha," anatero mwini malo. "Ndikasankha ine mudzati ndakondera. Lolemba mundipatse mndandanda. Mukalephera, ndili nawo anthu ena ofuna malo."

Kwa a Pulofesa nkhaniyi sinali yamasewera. Kumunsi kwa msewu kunali kutatsegulidwa shopu ina ya makina atsopano, ndipo wophunzira amene watsala ndi tsiku limodzi kuti apereke kafukufuku amalowa khomo loyamba limene waliona. Ndani angazungulire kuseri kukasaka mkulu wa guluu? Makasitomala a akazi awo nawonso anali odutsa mumsewu, ong'ambika thumba kapena othothoka batani.

Misonkhano iwiri inatha ndi phokoso. Wamafoni, mwamuna wa pakamwa posatseka, anati makasitomala ake ndiwo amadzetsa anthu pamalopo. Mayi wasaluni anati mzimayi wovala nsapato za gogoda sangakwere masitepe. Aliyense anali ndi chifukwa, ndipo chifukwa cha aliyense chinkaloza chipinda cha pansi. Wosoka nsapato yekha, amene ankayendera ndodo ziwiri, ankangopota ulusi pabondo.

Lachinayi mtsikana wina anabweretsa kafukufuku wokhudza chilungamo pogawana zinthu m'dziko. A Pulofesa atafika pamutu wachiwiri, anaiwala zoyang'ana manambala. Munalembedwa kuti katswiri wina wa nzeru zakuya anati: tayerekezani kuti anthu akhala pansi kuti apange malamulo a dziko lawo, koma aliyense waphimbidwa ndi chinsalu, sakudziwa ngati adzakhale wolemera kapena wosauka, wamphamvu kapena wodwala. Anthu oterowo angapange malamulo osamalira wotsalira, popeza wotsalirayo akhoza kukhala iwo eni.

Mpando unalira. Anatuluka m'chisakasa, n'kukaima kutsogolo kwa nyumba yatsopano, n'kubwerera, n'kutulukanso.

Masana mwana wawo wamkazi, mzime, amene anali m'chaka chachiwiri pakolejipo akuphunzira zachuma, anawoloka msewu kudzawaona. Bambo ake sanadikire kuti akhale pansi. Anamufotokozera zonse, manja ali m'malere.

"Ababa, zimenezo tinaphunzira chaka chatha," anatero mwanayo akuseka. "N'zongoyerekeza. Palibe anachititsapo msonkhano wotero. Ndipo alipo akatswiri ena amene amatsutsa, amati munthu sangaiwale kuti iye ndi ndani."

"Nanga anazilemberanji?"

"Kuti ife tizilembera mayeso."

"Mwamvatu," anatero mayi ake, phazi lili pamakina. "Wasukulu weniweni wanena. Inu ndinu wakalekale pano kuposa onsewa. Kaimeni pamsonkhano wa Loweruka munene kuti chipinda cha kumsewu ndi chathu, basi. Zinazo muzikambirana ndi dikishonale yanu."

Loweruka masana anthu khumi aja anakhala panjerwa zotsala, kutsogolo kwa nyumba yatsopano. Mzime anabwera, akuti kudzaonerera bambo ake akugwa mayeso. A Pulofesa anaimirira n'kufotokoza za chinsalu chija.

"Madala, tatiuzani bwino," anadula Wamafoni. "Tivale zinsalu kumaso ngati akuba?"

Anthu anaseka.

"Ayi, achimwene. Ndikuti zipinda tichite maere. Koma maere asanachitike, tipangiretu malamulo, pamene aliyense sakudziwa kumene agwere. Inu muli ndi chitsimikizo kuti mutola chipinda cha pansi?"

"Ine ndili ndi mwayi chibadwire."

"Chabwino. Nanga mwayiwo ukapita kutchuthi lero? Mwagwera m'mwamba, chipinda chakumapeto, pafupi ndi chimbudzi. Mungafune kuti anzanu a pansi akuchitireni chiyani?"

Wamafoni anayamba kuseka, koma kusekako kunathera panjira. Anayang'ana masitepe aja.

"Aaa, ndiye chikwangwani changa chikhale kumsewu," anatero. "Chachikulu mofanana ndi cha wina aliyense."

"Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe," anang'ung'udza mayi wasaluni. "Lembani chimenecho."

Mzime, amene anabwera kudzaseka, anapezeka kuti ndiye akulemba. Chodabwitsa n'chakuti amene anaikira kumbuyo anthu a m'mwamba kuposa onse anali Wamafoni yemweyo. Iye ndiye anati pakhomo la kanjira paikidwe tebulo, aliyense wa m'mwamba azikhala ndi tsiku lake loyalapo ntchito. Iye ndiye anati opata zipinda za pansi anyamule katundu wa anzawo kukweza m'mwamba. Mayi wasaluni anawonjezera kuti pakatha zaka zitatu asinthane. Kenako wina anafunsa kuti, nanga mmodzi wa ife akanakhala kuti sangathe kukwera n'komwe? Onse anatembenukira kwa wosoka nsapato. Panalibe mtsutso. Chipinda nambala wani chinapita kwa iye popanda maere, ndipo iye anangoti, "Zikomo, abale anga," n'kupitiriza kupota ulusi wake.

"A Pulofesa, mapepala ndi inu," anatero Wamafoni. "Fulumirani tisanasinthe maganizo."

Anathamangira kuchisakasa, mtima uli dididi ndi chimwemwe. M'bokosi la zodulira anatolamo kachidutswa katali ka pepala, n'kudula tizidutswa tinayi, n'kulemba 2, 3, 4, 5, manambala a zipinda za pansi. Pepala linatha. Anatola lina, n'kudula tisanu, 6 mpaka 10, za m'mwamba. Anatipinda mofanana n'kutiponya m'chitini chakale cha guluu.

"Wamkulu ayambe," anatero mayi wasaluni, akugwedeza chitini pamwamba pa mutu wake.

A Pulofesa anapisa dzanja, ndipo nthawi yomweyo dzanjalo linaima. Zala zimene zagwira mapepala zaka makumi atatu sizifuna maso. Tizidutswa tina tinali ta pepala lochindikala, losalala, limene ophunzira amasindikizapo kafukufuku. Tina tinali ta pepala lopyapyala la fotokope. Kwa munthu wina aliyense tinali timodzimodzi. Koma iwo anakumbukira bwino lomwe kuti pepala loyamba lija, la zipinda za pansi, linali lochindikalalo. Pothamanga sanaganizeko. Anthu onse anali kuseri kwa chinsalu, kupatula mwini nkhani.

Kachidutswa kochindikala kanabwera kokha pakati pa zala zawo. Anaona akazi awo ataima pafupi ndi mpopi, tepi yoyezera ili m'khosi, milomo ikupemphera chamumtima. Anaganiza za shopu ya makina atsopano ija. Palibe akanadziwa, lero ngakhale mawa. Anaganizanso zoulula kuti mapepala asiyana, adule ena, koma anadziwa kuti Wamafoni akangomva mawu oti kusiyana akuwa kuti chinyengo, ndipo mgwirizano wonse uthera pomwepo, Lolemba lili pakhomo. Chapatali mzime anali atagwira kope la malamulo aja pachifuwa, akuwayang'ana mosaseka.

"Madala, mukuwedza nsomba mmenemo?" anafunsa Wamafoni.

A Pulofesa anatulutsa dzanja lili lopanda kanthu.

"Ndalakwitsa," anatero. "Wodula mapepala sayamba kutola. Tolani nonse, ine nditenga kotsala."

"Eee, koma sukulu ya guluu ndi yozama!" anatero Wamafoni, n'kupisa dzanja. Anatola nambala 3, n'kuvina mozungulira mulu wa mchenga. Mayi wasaluni anagwera m'mwamba, n'kutukwana masitepe ndi amene anawamanga. A Pulofesa sankafunika kuuzidwa manambala. Ankamva kulira kwa pepala likamatambasulidwa, n'kumawerenga mumtima: lochindikala loyamba lapita, lachiwiri, lachitatu. Pepala lachinayi linatuluka ndi munthu womaliza. M'chitini munatsala nambala 9.

Akazi awo sanalankhule nawo masiku awiri. Ankawapatsa madzi osamba, ankawaikira chakudya, koma mawu ayi. A Pulofesa ankayendayenda m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira. Tsiku lachitatu m'mawa, ali panjira yopita kuntchito, analephera kupirira, n'kuwauza za pepala lochindikala.

Mayiwo anaima pakati pa njira.

"Ndiye munakagwira m'manja?"

"Ndinakagwira."

"Kachipinda ka kumsewu?"

"Eya, mayi."

"Zaka makumi atatu zala zimenezo zikungonunkha guluu. Tsiku limodzi loti zitithandize, inu mwazimanga." Anayambanso kuyenda. Patapita kanthawi anati, osatembenuka, "Mwana musamuuze. Angatengere."

Koma mwanayo anali atadziwa kale. Iye ndiye anatolera tizidutswa tija pambuyo pa maere, ndipo anakulira m'shopu ya mapepala. Sabata imeneyo anatenga dikishonale yothothoka ija, n'kuimata yekha mokhotakhota, n'kuibweza pamalo pake.

Tsiku losamuka, lamulo linagwira ntchito. Makina odulira mapepala a a Pulofesa anali achitsulo chakale, olemera ngati ng'ombe, ndipo Wamafoni ndiye anagwira kumunsi.

"Anapanga lamulo lopusali ndani?" anakuwa ali pakati pa masitepe, thukuta lili kamukamu.

"Ndinu, achimwene!" anayankha mayi wasaluni ali pamwamba. "Kwezani, musagwetse yunivesite!"

Mwezi woyamba unali wowawa. Ophunzira ambiri anapitadi kushopu ya makina atsopano, ndipo ena a iwo sanabwererenso. Zenera la nambala 9 linkayang'ana kuseri, kumene kunali mpanda ndi zingwe zoyanikira matawulo a saluni. Geti la koleji silinkaoneka. A Pulofesa ankatsika kukaona ngati chikwangwani chawo chikadalipo, n'kukwera, n'kutsikanso. Tsiku lawo la patebulo linali Lachitatu, ndipo akazi awo analilanda lonse, akuti mabatani ndiwo akudyetsa banja. Nthawi zina a Pulofesa ankadzifunsa ngati katswiri uja anakwerapo masitepe ndi mawondo a zaka makumi asanu. Zaka zitatu zinkaoneka zakutali.

Lachisanu lina m'mawa anamva mapazi achilendo pamasitepe, othamanga, olumpha sitepe imodzi. Pakhomo panaima mtsikana ali wefuwefu, mulu wa mapepala uli m'manja.

"Ndinu a Pulofesa? Ndimapita kumunsi kuja, koma bambo a mafoni andiimitsa. Akuti makina anu anawathyola msana, ndiye makinawo asamangokhala."

A Pulofesa analandira mapepalawo, n'kuwagogoda patebulo kuti alingane. Anali ochindikala, osalala. Anatsegula tsamba loyamba kuti aone nambala, ndipo maso awo anakwera m'mwamba. Mutu wake unali wokhudza anthu okana kuvota. Mpando unalira.

"Akufuna mawa mwanayu," anatero akazi awo, ulusi uli pamlomo. "Khalani pansi, Pulofesa."