Zovala zimene eni ake sanabwere kudzatenga

Sitolo ija anaigwetsa mvula yoyamba itangogwa. Ine sindinapite kukaona. Ndinali m'munda wa tiyi, dengu kumsana, mnzanga wa mzere wapafupi n'kundiuza kuti malata achotsa kale. Ndinangoti oho, n'kumapitiriza kuthyola. Koma ndinathyola ndi masamba okhwima omwe, akapitawo n'kundikalipira pa sikelo.

Kaya ndiyambire pati. Sitoloyo inali yakale kuposa ine, kuposa amayi anga omwe. Anamanga ndi mmwenye, pamphambano pamene msewu wa ku esiteti umakumana ndi wopita ku boma. Ababa ankati agogo atangofika kuchokera ku Mozambiki, bulangete lawo loyamba anagula mmenemo. Mmwenye atachoka anagula ndi bambo wina wa ku Goliati, ankagulitsa mchere, palafini ndi sopo wodula ndi mpeni. Kenako munali vidiyo. Kenako tchalitchi chaphokoso chija. Pomaliza feteleza. Eni ake ankasintha, penti n'kusintha, koma pakhonde, kona ya kumanzere, panali Ababa ndi makina awo osokera. Aliyense wogula nyumbayo ankawapeza pomwepo, ndipo palibe anawathamangitsa.

Ababa anali ndi lamulo lawo pa utelala. Chovala chimene munthu wasiya n'cha mwini wake basi, kaya papite zaka zingati. Ndiye mukudziwa moyo wa m'malaini, m'nyumba za esiteti zija: ntchito ikatha lero, mawa nyumba ubweze. Munthu wasiya nsalu, amuyeza, sabata yamawa ntchito yamuthera, wabwerera kwawo kwa Mphuka kapena wawoloka malire. Ababa ankasoka ndithu mpaka mabatani, n'kupinda, n'kuika m'thumba la ufa lochapa bwino. Thumbalo linkagona m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo.

Amayi, akadali moyo, ankalongolola nazo. "Mwana wanu akupita kusukulu ndi diresi yobooka kumbuyo, inu mukusungira anthu amene mwina anafa kale. Telala wanji ameneyu?"

"Munthu ameneyo ndinamuyeza ndi manja angawa," Ababa ankayankha. "Ndiveke muyezo wake pathupi la wina? Akakadwala uko, mudzati wamulodza ndani?"

Mwana wa diresi yobookayo ndinali ine. Ndinkakwiya, koma ndinkaliopa thumbalo.

Zaka zapitazi mutu wa Ababa unayamba kusokonezeka. Anabwera kudzakhala kwa ine. Dzina langa amaiwala, nthawi zina amandiyesa achemwali awo. Kusoka anasiya, maso akana. Koma njira ya kusitolo yokha sinawachoke. M'mawa uliwonse, ngakhale kukhale chiperoni chotani, jekete pathupi, tepi yoyezera m'khosi, ulendo. Akafika ankatulutsa thumba n'kukhala nalo pabenchi mpaka dzuwa kupendeka.

Tsiku lina mwini watsopano wa nyumbayo, bambo wa ku Blantyre, anandiimitsa pamsewu. Anali waulemu ndithu. "Amayi, madala a pakhonde aja ndi anu? Nyumba ija tikugwetsa, khoma lakumbuyo lang'aluka. Ndikuopa njerwa zingawagwere. Chonde alankhuleni." Sindimuda bamboyo. Khomalo linalidi long'aluka, dzanja linkalowa.

Madzulo ndinawauza. "Ababa, sitolo akugwetsa. Muzikhala pakhomo."

"Nanga eni zovala akabwera andipeza kuti?"

"Sabweranso, Ababa."

"Anakuimbira foni?"

Ndinaseka, koma mtima unali m'mwamba. Ndinkadziwa kuti apitabe. Akapeza anthu akugwetsa, akakhala pansi pa khoma lomwelo. Akapeza palibe chilichonse, ayesa kuti sanafike, azingopitirira. Ndipo kupitirira pamenepo ndi tiyi yekhayekha, mizere yofanana mpaka kuphiri. Munthu wamutu wabwino amasochera mmenemo kukachita nkhungu.

Ndiye ndinanama. Loweruka ndinalawirira, n'kukatenga thumba, n'kulibisa pansi pa bedi langa. Nsapato zawo ndinaika pamwamba pa kabati. Atadzuka ndinati, "Ababa, anthu aja amva kuti akugwetsa, abwera onse. Aliyense watenga chake."

Iwo anafunsa, "Ndi mayi wa diresi yobiriwira uja?"

"Anabwera."

"Inamukwana? Anali ndi pakati, ndinamusiyira malo m'chiuno."

"Inamukwana bwinobwino. Akuti zikomo."

"Basi," iwo anatero, "ndiye kuti ntchito yatha." Anavula tepi m'khosi n'kundipatsa.

Bodzalo linagwira. Sanapitenso. Njerwa zinagwa iwo ali pakhomo, ine n'kuthokoza Mulungu. Koma si kusitolo kokha kumene anasiya kupita. Anasiya kutuluka panja. Kenako kudzuka pamphasa. Amangogona nkhope kukhoma, phala masipuni awiri, basi akhuta. Kuchipatala anawayeza, akuti palibe chimene apeza, ndi ukalamba. Achimwene anga akuti ndinachita bwino, ndisadzivutitse. Iwo amakhala kutali, samva mmene m'nyumba muno mwakhalira zii.

Ndakhala ndikudzifunsa. Ndinawapulumutsa kapena ndinawalanda? Munthu amene ankadzuka tambala asanalire kawiri, ine ndi pakamwa pangapa ndinamuuza kuti palibenso akumufuna.

Dzulo nditaweruka ndinakoka thumba lija. Ndinatulutsa diresi yobiriwira yokha. Ikununkha mphemvu ndi feteleza, koma msoko uli nganganga. Ndinagwada pambali pa Ababa.

"Ababa, ndinalakwitsa. Mayi uyu yekha sanabwere."

Anatembenuka pang'onopang'ono. Anaigwira, zala n'kumatsata msoko mpaka m'chiuno. Kenako anakhala tsonga, koyamba patapita masabata.

"Ndimadziwa," iwo anatero. "Iwe ntchito suidziwa. Nsapato zanga zili kuti?"

Ndinati kunja kwada kale, tidikire. Anadya mbale yonse, diresi ili pamiyendo. Lero m'mawa afunsanso nsapato, ndawauza kuti Lamlungu, tsiku limene sindipita kumunda. Ndalonjeza kuti tipita limodzi. Pamalopo pano pali mpanda wa malata ndi dzenje la maziko. Chimene ndikawauze tikakaima pamenepo sindinachipeze, ndipo lero ndi Lachisanu.